Sinapu ya Bambo Keni

Ndisanapite ku Mangalande ndinkaganiza kuti mawu akuti sinapu ndikuwadziwa. Kuseri kwa msika wa pa boma pa Karonga kunali bambo wina wa ku Mangochi wojambula anthu. Ankapachika nsalu yoyera pakhoma n'kukukhazika pampando wopanda choyedzamira. Tsiku limene ndinakajambulitsa chithunzi cha pasipoti anandiuza kuti, "Khalani phee amayi, osaseka. Boma silifuna mano." Kuwala kunangoti ng'ani, iye n'kuti, "Basi, sinapu yatheka." Kwa ine sinapu inali chithunzi, nkhani n'kuthera pompo.

Nthawi imeneyo mwamuna wanga anali atamwalira. Ndinkapikula zitenje ku Songwe n'kumagulitsa pa boma ndi kwathu ku Vinthukutu, koma malondawo ankangondizungulitsa: wapita, wabwera, mapazi atupa, pakhomo palibe chosintha. Msuweni wanga amene anapita kunja kale ndiye anandipezera malo pa kampani yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mwana wanga Tawonga, amene anali asanamalize pulayimale, ndinamusiya ndi amama ndi mng'ono wanga Lusungu. Amama masiku amenewo anali ndi mphamvu zawo, khasu akaligwira m'mawa ankalisiya dzuwa lili pamutu. Anandisenzera chikwama mpaka pamsewu ngakhale ndinkakana, ndipo minibasi itaima ananditsanzika m'Chitumbuka chathu kuti, "Wende makola, mwana wane." Sanalire. Amene analira anali Lusungu.

Ku Mangalande anatiika m'nyumba imodzi azimayi a mayiko osiyanasiyana, m'tauni ina ya kumpoto kwa dzikolo kumene kale kunali migodi ya malasha. Chipinda ndinkagona ndi Rudo wa ku Zimbabwe, mayi wosachedwa kuseka. Ndiye anandiphunzitsa kuvala masokosi awiriawiri, kukwera basi yoyenera, ndiponso kuti mzungu akakufunsa ngati uli bwino safuna kumva za msana wako. Ntchito inali yoyenda khomo ndi khomo: kusambitsa, kuveka, kumwetsa mankhwala, kudyetsa, n'kuthamangira khomo lina. Manja anang'ambika ndi sopo ndi kuzizira. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Nyumba ya amama inafoleredwa ndi malata, Tawonga n'kudzalowa sekondale.

Khomo limene ndinakhalitsapo linali la Bambo Keni. Anali munthu wamtali, msana utayamba kupinda, ndipo kunja kwa manja awo kunali timizere tobiriwira ngati mphini. Mwana wawo Juli, mayi wa msinkhu wanga amene ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu, anandiuza kuti si mphini ayi, ndi malo amene ankatemeka mumgodi, fumbi la malasha n'kutsekeredwa pansi pa khungu. Mkazi wawo anali atamwalira, ndipo mutu wa bambowo unali utayamba kutaya zinthu. Za dzulo sankazidziwa. Za kalekale ankazidziwa ngati zachitika m'mawa womwewo.

Tsiku loyamba ndinawapeza atavala kale jekete, kapusi ndi jombo, ataima kuseri kwa chitseko.

"Sinapu yanga ili kuti?" anandifunsa.

Ndinati mumtima, munthu wadzikonza chonchi, akufuna chithunzi. Ndinatulutsa foni, ndinawauza kuti aime phee, ndinajambula n'kuwaonetsa. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndani mdala ameneyu?"

"Ndinu, Bambo Keni."

"Usandipusitse. Ndipatse sinapu yanga, ndichedwa."

Phala limene ndinaphika analikankhira kutali. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Ankangonyambita tiyi n'kubwerera kuchitseko. Namwino amene ankabwera kudzawayeza anati thupi likutsika, ndipo akapanda kuyamba kudya adzawatengera kunyumba ya okalamba. Inenso ndinali ndi mantha anga. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangiriridwa ku ntchitoyo, ndipo wantchito watsopano amene nkhalamba ikumukanira chakudya sakhalitsa. Juli ankabwera madzulo ine nditachoka, ndipo ndinkachita manyazi kumuimbira foni kuti Chingerezi cha bambo ake chikundidutsa.

Ndinafunsa Rudo tikuphika.

"Sinapu? Si iyi?" Analiza zala kuti tha! "Kapena akufuna timabatani tija totseka modina, ta pa zovala za makanda. Nato amati sinapu."

"Munthu wamkulu angafune mabatani a makanda m'mawa uliwonse?"

"Sisi, dziko lino ine ndaona zambiri."

M'mawa mwake atandifunsanso, ndinawalizira zala pamaso. Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka mpaka kutsokomola, n'kuliza zawo zimene zinamveka kuposa zanga. Koma phala sanadye.

Loweruka Juli anabwera m'mawa, n'kumva yekha bambo ake akufunsa. Anagwira pakamwa. Anatuluka, ndinamumva akugudubuza zinthu m'kanyumba ka kuseri, kenako analowa ndi kachitini kachitsulo kofanana ndi chidutswa cha buledi, kozungulira kumutu, kokhala ndi chogwirira cholowetsa pa lamba.

"Sinapu ndi kamba wa kumgodi," anatero. "Amayi ndi amene ankawakonzera. Ine zinali zitandichoka m'mutu."

Tinapaka jamu pa buledi, tinaika m'chitinimo, Juli anatseka chivindikiro kuti kha! Bambo Keni anatembenuka ngati waitanidwa dzina.

"Nanga n'chifukwa chiyani chakudya amachitcha choncho?" ndinafunsa.

"Ena amati n'chifukwa cha kulira kwa chivindikirochi," anayankha Juli.

"Bodza," anatero bambo ake akukoleka chitini pa lamba. "Pansi paja palibe nthawi yotafuna. Umangoluma n'kumeza, ngati galu."

Mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona.

Chitini chitakhala pa lamba, sanafunenso kukhala m'nyumba. Ndinawagwira mkono, tinatsetsereka msewu wa nyumba zogundizana mpaka kumene kunali mgodi. Mgodiwo unatsekedwa kalekale. Pamalopo panali chinyumba chachikulu chosungiramo katundu, ndi theka la chigudumu chachitsulo chimene anachiimika m'simenti kuti anthu azikumbukira. Anakhala pa benchi pafupi ndi chigudumucho, anatsegula chitini, anabenthula buledi pakati n'kundipatsa theka.

"Idya, Tomi. Nthawi ikutha."

Tomi anali mnzawo wa kumgodi amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Tomi. Mayi wa ku Vinthukutu, mpango kumutu, yunifolomu yabuluu, koma Tomi. M'mawa uliwonse tinkapita kuntchito, kudya pa benchi, n'kuweruka. Thupi linayamba kubwerera ndipo namwino anasiya kunena za nyumba ya okalamba.

Pa benchi pamenepo ndi pamene ankayankhula. Tsiku lina anandigwira bondo n'kuloza kumwamba, kumene kunali mitambo yokha.

"Uzimvetsera mitengo yochirikiza denga, Tomi. Mtengo ndi wabwino, umayamba walira. Ukamva ukung'ung'udza, taya fosholo uthawe. Ukadikira kuti umve sinapu, ndiye kuti wamva mochedwa."

Apa sinapu inali kuthyoka kwa mtengo. Ndinawauza kuti kwathunso kumapiri kuli timigodi ta malasha, ndipo malemu mwamuna wanga anagwirako ali mnyamata, akulowa ndi chinangwa chootcha m'thumba la kabudula.

"Chinangwa n'chiyani?"

"Muzu woyera. Umakhutitsa."

"Ndiye nayonso ndi sinapu," anatero, ngati munthu amene wapereka chilolezo.

Kuchokera pamenepo makutu anga anayamba kuwatola mawuwo paliponse, ngati mmene umayambira kuona chitenje cha mtundu wako pa munthu aliyense ukangogula. Wailesi inati kukubwera sinapu ya kuzizira, ndipo m'mawa mwake madzi a m'ndowa ya panja anali mwala. Mayi woyandikana ndi Bambo Keni anandichenjeza kuti ndisagwire kagalu kake chifukwa kamachita sinapu, ndipo kanandiphonya chala pang'ono. Masana ena bambowo anatulutsa makhadi n'kundiphunzitsa masewera oponya khadi pamwamba pa linzake. Awiri ofanana akagundana, woyamba kumenya pamulu n'kukuwa kuti sinapu ndiye watenga onse. Munthu amene sankadziwa kuti wadya kapena ayi, pa masewera amenewa dzanja lake linali mphezi. Sindinawapambanepo.

Ine zinkandizunguza. Kwathu chingwe chimaduka, ndodo imathyoka, mbale imasweka, galu amaluma, chisanu chimagwa, ndipo Chitumbuka nacho chili ndi mawu akeake pa chilichonse. Awa anatenga zonsezi n'kuzipanikiza m'kathumba kamodzi.

"Kodi anthu amenewa amasowa mawu?" ndinamufunsa Rudo.

"Mawu ali nawo ambiri kuposa ife," anatero. "Chimene amasowa ndi nthawi. Suwaona mmene amayendera?"

Tinawasandutsa athu mawuwo. Lamba wa chikwama akaduka tinkati wasinapa. Basi ikatithawa tinkati yatisinapa. Mayi wa ku Ghana amene tinkakhala naye ankatiyang'ana ngati tapenga.

Tanthauzo limene silinandiseketse ndinaliphunzira kwa Juli. Zaka zinali zitapitapo, ndipo Bambo Keni anali atafika poti nthawi zina sankamudziwa mwana wawo. Masana ena ndinamupeza Juli atakhala pa sitepe ya pakhomo, wopanda jekete, mphepo ikuwomba. M'nyumba munali zidutswa za mbale pansi, msuzi uli pakhoma, bambo ake atakhala pampando akuyang'ana manja awo.

"Ndasinapa," anatero Juli.

Ndinamugwira mikono, ndikuyang'ana pamene pathyoka. Anaseka akulira.

"Ayi, si fupa. Ndi ine. Andifunsa kuti amayi ali kuti, ndawauza. Afunsanso, ndawauza. Kenako anena kuti ndine wakuba, ndituluke m'nyumba mwa mkazi wawo. Sindikudziwa kuti mbale yachoka bwanji m'manja mwanga. Ndawakalipira bambo anga ngati mwana."

Ndinakhala naye pa sitepepo. Ndinamufunditsa jekete langa. Ndinamuuza kuti apite akagone, ine nditola zidutswa. Ndikusesa, ndinkaganiza kuti anthu awa mwina sanalakwitse kuika mtengo wa mumgodi ndi mtima wa munthu pa liwu limodzi. Ndipo maganizo anga anapita kwa Lusungu.

Pakuti kumudzi nako zinthu zinali zitayamba. Pafoni amama ankandifunsa ngati adada abwerako kunyanja, chonsecho adada tinawaika m'manda ndili mtsikana. Ankathira mchere kawiri, n'kukana kuti sanathire. Ndinamuuza Lusungu kuti matenda amenewa ndimawaona tsiku lililonse, apite nawo kuchipatala. Anapita nawo, anawayeza malungo ndi kuthamanga kwa magazi, n'kubwerako ndi mapilitsi. "Akuti ndi ukalamba, akulu," anatero. Mawu ake pafoni ankafupika mwezi ndi mwezi. Ndikafunsa kuti iwe uli bwanji, ankati, "Tili makola," n'kupereka foni kwa Tawonga.

Tsiku lina m'mawa ndili pamalo odikirira basi, foni inalira. Anali Lusungu, amene sankayamba ndiye kuimba.

"Akulu, atigenda."

"Ndani? Chachitika n'chiyani?"

Anandifotokozera. Amama anali atayamba kutuluka m'bandakucha ndi khasu. Kangapo anawapeza m'munda wa chinangwa wa adada Msiska, oyandikana nafe, akulima n'kumaitana mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Kenako mdzukulu wa a Msiska anadwala, thupi moto, kukomoka. Anthu anayamba kunong'ona, ndipo kunong'onako kunakula. Dzulo lake miyala inagwa pa malata, wina akukuwa kuchokera m'nthochi kuti, "Fwiti! Fwiti!"

"Ndawatsekera m'chipinda," anatero Lusungu. "Akumenya chitseko. Tawonga sanapite kusukulu. Ine sindingathenso, akulu. Sindingathe."

Ife a ku Karonga tikudziwa kumene liwu lakuti mfiti limathera likagwera nkhalamba. Basi inabwera, inatsegula chitseko, inatseka, inapita. Ndinayenda wapansi mpaka ku ofesi.

Mkulu wa ntchito anali mayi wabwino. Anandipatsa tiyi, anamvetsera, kenako anati tchuthi chachifupi angandipatse, koma ndikapita osadziwa tsiku lobwerera malo anga atha, ndipo chilolezo chithera pomwepo.

"Kaganizeni kaye," anatero. "Musapange chisankho cha sinapu."

Ngakhale ndinali ndi misozi, ndinatsala pang'ono kuseka. Nachonso? Ndinafunsa kuti chisankho cha sinapu n'chotani. Anati ndi chimene munthu amapanga m'kuphethira kwa diso, osachigonera.

"Ndiye changa n'chimenecho," ndinatero.

Rudo anakana kwambiri. "Sisi, wapenga? Ukapita, pakhomopo adya chiyani? Lemba munthu woti aziwayang'anira. Asamutsireni ku boma."

"Munthu wolembedwa angaime pakhomo miyala ikugwa?"

Rudo anatsitsa sutikesi yanga pamwamba pa kabati n'kuyamba kundipindira zovala, akutukwana m'Chishona.

M'mawa womaliza ndinapita ndi Bambo Keni ku benchi monga mwa masiku onse. Juli anabwera nafe, akuyenda kumbuyo. Titadya ndinawauza kuti ndikupita kwathu, amayi anga akudwala.

"Pita, Tomi," anatero. "Ndikuuzira kapitawo. Koma Lolemba usachedwe."

Anandigwira dzanja mwamphamvu, monga amagwirirana amuna. Patapita miyezi ndili kumudzi, Juli ananditumizira uthenga kuti anamwalira ali m'nyumba mwawo momwemo, ndipo wantchito amene analowa m'malo mwanga, mnyamata wa ku India, nayenso anali Tomi mpaka mapeto.

Minibasi inanditsitsa pa Vinthukutu masana, kutentha kuli phuliphuli. Amene anandichingamira anali mtsikana wamtali kuposa ine, amene anagwada pang'ono n'kundilandira chikwama ngati mlendo wa ku tchalitchi. Anali Tawonga. Panjira ankayankha zimene ndafunsa zokha. Pakhomo malata anali ndi mabala a miyala. Lusungu anatuluka akupukuta manja. Ndinamusiya ali mtsikana wonenepa wokonda kuimba kwaya, ndinamupeza mafupa a m'khosi ali poyera, kiyi wa chipinda atamumangirira pa chingwe m'khosi. Sanandikumbatire.

"Mwafika," anatero.

Anatsegula chipinda. Amama anali pamphasa, atachepa ngati mwana. Anandiyang'ana bwinobwino, anakonza mpango wawo, n'kundipatsa moni waulemu.

"Monire amama. Mwachokera ku boma?"

Ndinali nditaziona kwa Juli, ndinkadziwa kuti zidzafika. Ndinagwada n'kuvomera kuti inde, ndachokera ku boma.

M'bandakucha wotsatira nditamva amama akugwedeza chitseko, ndinamupempha Lusungu kiyi. Anakana kaye, kenako anamuvula n'kundiponyera. Amama anatenga khasu, ine pambuyo. Sanasochere ngakhale pang'ono. Anadutsa m'nthochi, anawoloka kamfuleni, analowa m'munda wa a Msiska n'kuyamba kupalira, akuitana NyaMhango ndi NyaKaonga kuti afulumire dzuwa lisanakwere.

"Munda uwu ndi wa yani, amama?" ndinafunsa.

"Ndi wanga. Apongozi anandipatsa chaka chino, pamene ndalowa m'banja."

Nditafunsa kwa achikulire a mumpingo, anavomera. Munda umenewo unalidi wa amama ali mtsikana, usanasinthanitsidwe ndi wa kudambo ife tisanabadwe. NyaMhango ndi NyaKaonga anali anzawo olima nawo. Amama sankapita kukatamba. Ankapita kuntchito.

Ndinapempha mayi wapampando wa umanyano, gulu la amayi a mumpingo mwathu, kuti andiperekeze kwa a Msiska. Tinawapeza pakhonde ndi akazi awo. Mdzukulu uja anali atachira kuchipatala, ankathamangitsa nkhuku pabwalo, koma nkhope za akuluakulu zinali zomanga.

Pamene ndinatsegula pakamwa ndi pamene ndinazindikira kuti ndilibe liwu. Ku Mangalande matendawa ali ndi dzina lake, lolembedwa pa zitseko za zipatala. Kwathu ndinali ndi mawu awiri okha, misala ndi ufiti, ndipo onse awiri anali mabodza. Ife amene tili ndi liwu la kuduka ndi la kuthyoka ndi la kusweka, pa ichi tinalibe.

"Adada Msiska," ndinayamba, "amama akudwala matenda oiwala. Mutu umafufuta za lero n'kusiya za kale. Ndasamalira azungu odwala chimodzimodzi. Wina ankavala jombo m'mawa uliwonse kupita kumgodi umene unatsekedwa kalekale."

"Azungu nawonso?" anafunsa akazi awo.

"Ambiri. Ena anali madokotala, ena abusa."

"Kuiwala tonse timaiwala, anyina Tawonga," anatero a Msiska. "Koma bwanji akuitana akufa m'munda mwanga?"

"Kwa iwo sanafe. Kwa iwo ndi chaka chimene anakwatiwa, ndipo mundawo ndi wawo. Inu mukudziwa kuti unali wawo."

A Msiska anakanda chibwano. Mayi wapampando anawonjeza kuti NyaKaonga amene akuitanidwayo anali amayi aang'ono a adada Msiska eniake, ndipo ngati pali amene akuwakumbukirabe m'mudzi muno ndi nkhalamba imeneyi. Akazi a Msiska anayang'ana pansi.

Sindinganene kuti anakhulupirira zonse. Anangoti, "Asamabwere kuli mdima, ndipo asamabwere okha. Mizere ya kumalire ija azipalira, sindiletsa." Lamulungu lotsatira mayi wapampando anayankhula mu tchalitchi, ndipo amayi angapo anayamba kubwera kudzacheza ndi amama masana. Ena mpaka lero amadutsa pakhomo pathu atayang'ana kumbali. Koma miyala sinagwenso.

Chimene chinatsala chinali Lusungu. Ankadzuka, kutunga madzi, kuchapa zofunda za amama, kuphika, zonse osandiyang'ana. Ndikagwira tsache ankalilanda. Ndikati ndichape ndine, ankati sindidziwa mmene amama amafunira. Tsiku lina ndinamupeza akukolopa pamene ndinali nditakolopa kale.

"Lusungu, ndakulakwira chiyani?"

Anaimika chokolopera. "Palibe. Inu munkatumiza, ife tinkalandira. Malata ndi awo. Koma mukudziwa kuti kwaya ndinasiya liti? Mukudziwa kuti munthu amene ankafuna kundikwatira anadikira mpaka kutopa? Ndawatsekera amama anga m'chipinda ngati mbuzi, akulu. Ine. Ndi manja awa. Inu mwabwera, mwayenda nawo kumunda kamodzi, mudzi wonse ukuti mwana wa ku Ulaya wakonza zinthu."

Zinali zoona. Ndinangoti, "Mawa usagwire chilichonse. Vala, pita kumene ukufuna. Ku boma, ku Songwe, kwa anzako. Amama ndikhala nawo ine."

"Ndipite kukatani?"

"Kukachita chilichonse chimene si ichi."

M'mawa mwake anasamba, anavala diresi la ku kwaya limene linali litayamba kumukulira, ndi nsapato zakuda. Anatenga kachikwama n'kutsika njira ya kumsewu osatsanzika. Ine ndinapita ndi amama kukapalira mizere yawo, tinabwerako, ndinawasambitsa, tinakhala pakhonde tikusenda chinangwa ndi Tawonga.

Dzuwa lisanafike pamutu tinamuona akubwerera. Tawonga anandinong'oneza kuti anthu amuona ataima pamsewu, minibasi zikuima, makondakitala akumuitana, iye osakwera. Sanabwere pakhonde. Anapita pansi pa mtengo wa mango, anakhala pa mphasa imene tinayanikapo mpunga dzulo lake, anagona chammbali, nsapato zili kumapazi, kachikwama kali m'khwapa. Posakhalitsa tinamva akuliza mkonono.

Amama anasiya mpeni n'kuyang'ana.

"Mwana wa yani uyo wagona masana?"

"Ndi wanu, amama. Ndi Lusungu."

Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khoma. Tawonga anafuna kuwaletsa, ndinamugwira mkono. Anayenda mpaka pa mtengowo, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo. Kenako anakhala pambali pake, anathyola kanthambi ka masamba, n'kuyamba kumuingitsira ntchentche.

Nditayandikira anandiopseza ndi kanthambiko.

"Inu a ku boma, yendani pang'onopang'ono," ananong'ona. "Mwana uyu watopa."